K2,400 ya mpikisano wa magule: ngongole ya munthu kapena ndalama za gulu?

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. M'buku la gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama mukusowa K2,400 yomwe achemwali anapereka kwa mwini kalabu ya ku Kanyama muno mu Lusaka ngati chikole cha mpikisano wovina. Ine ndalemba kuti ndi ngongole yawo, chiwongoladzanja 15 peresenti monga mwa malamulo athu.

Achemwali: Ayi amayi, musandisenzetse ndekha. Pamsonkhano wa ku Chawama tonse tinavomera mpikisanowu kuti thumba likule tisanagawane mu Disembala. Ine ndinangotumidwa.

Mlembi: Tinati mukalankhule nawo, sitinati mukalipire. Ndi zimene zinalembedwa tsikulo.

Achemwali: Bambo aja simukuwadziwa. Poyamba anakanitsitsa, amvekere Lachisanu ndi Loweruka malo amadzaza okha, sangaimitse DJ chifukwa cha ovina kalindula. Ndiye ndinawapempha Lachinayi, tsiku limene mawetala amangoyasamula pakauntala. Ndinati wovina aliyense amabwera ndi omuchemerera, ndipo ochemerera sakhala kukhosi kouma. Zonse za pabala zikhale zawo, zolowera pakhomo zathu. Apo m'pamene anaika foni pansi n'kuyamba kundimvetsera. Koma anati magetsi akazima jenereta imamwa dizilo wambiri, popanda chikole sangatisungire tsikulo. Ndikanatani?

Agogo: Mwanayu wakhetsa thukuta, tisamufooketse. Koma mwana wanga, lisiti lili kuti?

Achemwali: Ndinatumiza pa Airtel Money agogo, meseji ilipo.

Amalume: Meseji ikungosonyeza kuti ndalama zapita, siikunena zimene mwapangana. Bwana akatembenuka mawa n'kufuna theka la zapakhomo, tidzagwira pati? Komanso lamulo la mowa la 2011 silola osakwana zaka 18 m'malo otere. Ana a sukulu aja achotsedwe pamndandanda, pakhomo tizidzaona chitupa cha unzika cha NRC.

Msungichuma: Ine sindikudana ndi mpikisano. Koma aliyense akamatapa m'dzina la gulu, tsiku logawana wofunsidwa ndine. Ena pano akudikira ngongole ya feteleza wotumiza kumudzi ku Chipata.

Apampando: Tamvana. Ndalamazo zilembedwe za gulu, popanda chiwongoladzanja. Achemwali apereke chindapusa cha K50 chifukwa analipira gulu lisanavomereze. Mawa apite ndi alembi, bwanayo asayine pepala la tsiku, chikole, ndi kuti zapakhomo ndi zathu. Akakana kusayina, K2,400 ikhala ngongole ya achemwali.

Achemwali: Mfundo yomalizayo yandiwawa amayi, koma ndavomera. Chindapusa ndibweretsa Lamlungu. Alembi, tikumane pa City Market 11 koloko, bwana aja amafika masana kudzawerenga makireti.