Ndithandizeni kusankha audio interface yojambulira bandi

Moni nonse a m'gulu muno. Ndili ku Nkhotakota, ndipo tili ndi bandi ya achinyamata akutchalitchi: ng'oma, besi, gitala, kiyibodi ndi oimba atatu. Tikufuna kujambula nyimbo zathu pa laputopu ya Windows 10, chida chilichonse pa track (njira ya mawu) yakeyake.

Tinayesa kulumikiza mikisa ku laputopu ndi chingwe, koma zonse zimalowa zitasakanikirana, ndipo tchaja ikangolowa pamagetsi pamayamba phokoso long'ung'udza pansi pa nyimbo. Mnzathu anatibwereka interface (kachipangizo kolowetsera mawu a maiki ndi zida mu laputopu) yolowetsa maiki awiri. Mawu ake anali oyera bwino, koma ng'oma zokha zimafuna maiki atatu kapena anayi. Kujambula mmodzimmodzi kunachotsa moto wonse wa bandi; ife timakoma tikamaimbira limodzi.

Chondivuta kwambiri ndi magetsi, chifukwa kuno amazimazima. Pa zipangizo zimene ndikuganizira, Focusrite Scarlett 18i20 imalowetsa maiki 8 koma imafuna magetsi a pakhoma. Behringer UMC404HD imalowetsa 4 okha. Zoom R16 imajambula njira 8 nthawi imodzi ndipo imayendera mabatire 6 a AA, koma 48V (magetsi amene maiki a mtundu wa condenser amafuna kuti agwire ntchito) ili pa malo awiri okha, pomwe maiki athu a condenser ndi atatu.

Ndiye akuluakulu amene munagwiritsapo zimenezi, mungandilangize iti? Kodi njira 4 zingakwanire ng'oma titaziikira maiki awiri, ena n'kumawonjezera pambuyo? Nanga ku Lilongwe yeniyeni ndingaipeze kuti, kapena ndiitanitse ku Joni? Zikomo kwambiri.