Nthaka ya laimu ndi katondo wa ku Mzuzu: kodi laimu wogula angasinthe munda?

Mlimi wa ku Lupaso

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino za nthaka. Munda wanga ndi wa katondo wofiira amene tonse timamudziwa kuno ku Mzuzu, ndipo ngakhale ndimathira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa pa nthawi yake, chimanga chimakula mopinimbira, mizu yake imakhala yaifupi ndi yotupa kunsonga, pomwe mtedza umabereka makoko ambiri opanda njere. Mlamu wanga amalima ku Balaka, chakufupi ndi mapiri a Chenkumbi kumene anthu amakumba miyala ya laimu, ndipo iye amanena kuti nthaka yochokera ku miyala yotereyi ndi imene imadzaza mtedza. Ndikufuna kudziwa chimene chimachititsa kuti nthaka imeneyi itamandidwe, mbewu zimene zimaikonda, komanso ngati kugula laimu n'kuthira m'munda mwanga kungasandutse katondo wanga kukhala wofanana ndi nthaka ya kumeneko.

Mlangizi wopuma, Katoto

Bambo, funso lanu ndi labwino, koma muli zinthu ziwiri zimene ziyenera kusiyanitsidwa: nthaka imene inabadwa kuchokera ku mwala wa laimu, ndi nthaka ya asidi imene yathiridwa laimu. Ndiyamba ndi yoyambayo.

Mwala wa laimu mbali yake yaikulu ndi calcium carbonate. Madzi a mvula amakhala ndi asidi pang'ono chifukwa cha mpweya wa carbon dioxide, choncho akamadutsa pa mwalawo amausungunula pang'onopang'ono, ndipo chimene chimatsala ndi dongo ndi mchenga umene unali wosakanikirana m'mwalamo. Popeza gawo lalikulu la mwala limapita ndi madzi, nthaka yotere imachedwa kwambiri kupangika, n'chifukwa chake pamwamba pa phiri la laimu mumapeza dothi lochepa lokhala pa thanthwe, pomwe nthaka yakuya imene alimi amaitamanda imapezeka m'tsinde mwa phiri ndi m'zigwa, kumene dothi lakhala likuunjikana kwa zaka zosawerengeka.

Ubwino wake waukulu si chakudya cha mbewu ayi, koma kaumbidwe kake. Calcium imamangiriza tinthu ta dongo kukhala timibulu, ndiye mukatapa dothi lotere lili lonyowa pang'ono n'kulifinya m'manja, limagwirana, koma mukalikhudza ndi chala limayoyoka osasanduka phala. Khasu limalowa mosavuta, madzi amalowa pansi osati kuthamanga m'makwalala, ndipo mizu imatsika kutali. Mulingo wake wa pH, umene umasonyeza kuchuluka kwa asidi (nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka), umakhala kuyambira 7 kufika cha m'ma 8.4, kutanthauza kuti mulibe asidi wovutitsa mizu, ndipo tizilombo tam'nthaka timene timagwira ntchito ndi mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba timachita bwino kusiyana ndi m'nthaka ya asidi. Kuti mudziwe ngati dothi lili ndi laimu wochuluka, dontheziranipo vinega pa chibuma chouma. Likachita thovu, laimu alimo.

Mbewu zimene zimapirira kapena kukonda nthaka imeneyi ndi monga tirigu, balere, mapira, thonje ndi msipu wa lucerne. Ku France, mphesa za m'dera la Champagne zimalimidwa pa nthaka ya choko, imene ndi mtundu wofewa wa mwala wa laimu, ndipo ku Kentucky m'dziko la America msipu wotchuka wowetera mahatchi umamera pa nthaka yochokera ku mwala wa laimu.

Koma mlamu wanu akhoza kukuuzaninso za mavuto ake. Laimu akachuluka, phosphorus wa mu feteleza amagwidwa ndi calcium moti mbewu imalephera kumupeza wokwanira. Iron ndi zinc nazonso zimasowa, ndipo chizindikiro cha kusowa kwa iron ndi masamba anthete achikasu amene mitsempha yake yokha ndiyo imatsala yobiriwira. Urea akangowazidwa pamwamba osakwiriridwa, gawo lina limauluka ngati mpweya wa ammonia. Kumene thanthwe lili pafupi ndiponso lili ndi ming'alu, madzi amathawira pansi msanga ndipo mbewu zimafota ng'amba ikangoyamba.

Tsopano za kuno kwathu. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka ndipo imachedwa kusiya poyerekeza ndi zigawo zina. Mvula yotereyi yakhala ikutsuka calcium ndi magnesium kuchoka m'nthaka, ndipo Urea amene timathira chaka ndi chaka amawonjezera asidi. Mulingo wa pH ukatsika pansi pa 5.5, aluminium wam'dothi amasungunuka n'kuyamba kuwononga nsonga za mizu, ndipo mizu yaifupi yotupa imene mwafotokozayo ikugwirizana ndi vuto limeneli, ngakhale kuti mawu omaliza ayenera kuchokera kwa oyeza nthaka. Laimu wogula akhoza kuchotsa asidi m'dothi la pamwamba limene khasu limafika, koma sangasandutse katondo kukhala nthaka ya ku Chenkumbi, ndipo kunena zoona simukufunikira zimenezo. Chimanga, soya ndi nyemba zimakula bwino pH ikafika pakati pa 5.5 ndi 6.5.

Mayi wa ku Choma

Ndikugwirizana ndi alangizi, koma ndikufuna kuchenjeza amene angawerenge zimenezi n'kuthamangira kuthira laimu paliponse. Si mbewu zonse zimene zimadana ndi asidi. Tiyi wa ku Kawalazi amakondwa ndi nthaka ya pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, paini wa ku Chikangawa akukula pa nthaka yomweyi popanda womuthirira laimu, ndipo chinangwa chimapirira asidi kuposa chimanga. Ife amene timalima mbatatesi timadziwa kuti nthaka ikachepa asidi, matenda a nkhanambo pa khungu la mbatatesi amachuluka, ndipo wogula pamsika akaona zipsera zimenezo amatsitsa mtengo ngakhale mkati muli mwabwinobwino. Khofi amafuna asidi wapakatikati, choncho wolima khofi asatengere muyezo wa munthu wa chimanga.

Nkhani ina ndi ya mtunda. Laimu ndi katundu wolemera amene amathiridwa wambiri, ndipo kuchokera ku Balaka kufika kuno mtengo wa mayendedwe si wamasewera. Kwa mlimi wa munda waung'ono, ine ndimaona kuti manyowa ndi phulusa la kukhitchini ndi poyambira pabwino, chifukwa phulusa nalo limachepetsa asidi.

Wochokera ku Karonga, wokhala ku Chibavi

Ndingowonjezerapo kuti nthaka yokhala ndi laimu si ya pafupi ndi mapiri a laimu okha. M'zigwa zotentha za m'mbali mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire, kumene mvula ndi yochepa ndipo madzi amauma msanga, laimu amaunjikana yekha m'kati mwa nthaka. Kwathu munthu akamakumba chitsime kapena dzenje la chimbudzi, nthawi zina amafika pa dothi lokhala ndi timiyala toyera tofumbutuka, ndipo timeneto ndi laimu. Komanso nthaka yochokera ku mwala wa laimu ikakhala kumalo a mvula yambiri, laimu wake amatsukika ndithu mpaka dothi la pamwamba limatha kukhala ndi asidi. Choncho mtundu wa mwala pawokha sutsimikizira kanthu. Mvula nayo ili ndi mbali yake.

Mlimi wa ku Lupaso

Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Chimene chatsala n'chakuti m'masitolo a zipangizo zomangira m'tauni muno amagulitsa laimu wopaka nyumba. Kodi ameneyu ndi yemweyo wothira m'munda? Nanga pa hekitala pamafunika wochuluka bwanji, ndipo kodi ndi iyeyu amene angathetse vuto la mtedza wopanda njere?

Mlangizi wopuma, Katoto

Si yemweyo, Bambo. Wopaka nyumba ndi mwala umene unawotchedwa mu uvuni kenako n'kuthiridwa madzi, choncho ndi waukali, amapsereza manja ndi maso, ndipo akachuluka amakweza pH mwadzidzidzi n'kuwononga mbewu zanthete. Wam'munda ndi mwala wongoperedwa osawotchedwa. Pogula, utapeni pakati pa zala: ukhale wosalala ngati ufa woyera, chifukwa wokhala ndi timiyala umatha zaka uli m'dothi osasungunuka. Ulipo wa mitundu iwiri, wa calcium yekha ndi wa dolomite umene ulinso ndi magnesium, ndipo pa nthaka yotsukika ndi mvula ngati yathuyi wa dolomite nthawi zambiri ndiwo umathandiza kwambiri.

Za kuchuluka kwake sindingakupatseni nambala imodzi, chifukwa katondo wa dongo lambiri amafuna laimu wochuluka kuposa dothi la mchenga ngakhale pH yawo ili yofanana. Kawirikawiri muyezo umagwa pakati pa tani imodzi ndi matani awiri pa hekitala, amene ndi matumba 20 mpaka 40 a makilogalamu 50, ndipo ndalama zotere si zoti muwononge mongoganizira. Tapani dothi pamalo osiyanasiyana m'mundamo kufika masentimita 20 kuya kwake, kupewa pa chulu ndi pamene munawotcherapo zinyalala, lisakanizeni m'ndowa yoyera, ndipo funsani alangizi a m'dera lanu kapena ku malo a kafukufuku a Lunyangwa za kumene lingayezedwe. Ku malo a kafukufuku a Chitedze, ku Lilongwe, kuli labotale ya nthaka. Laimu amathiridwa miyezi iwiri kapena itatu musanabzale, n'kusakanizidwa ndi dothi popanga mizere, chifukwa akangokhala pamwamba satsika msanga. Musamuthire tsiku limodzi ndi Urea.

Mayi a ku Choma anena zoona za phulusa, koma la kukhitchini limangokwanira dimba la ndiwo zamasamba, osati munda wa chimanga. Manyowa ndiwo ndikuwavomereza kotheratu, chifukwa amachepetsa ukali wa aluminium ndipo amapatsa katondo timibulu tija.

Za mtedza, mbewu imeneyi ili ndi khalidwe lachilendo: khoko likalowa m'dothi limayamwa lokha calcium kuchokera ku dothi lolizungulira, osadalira mizu. Calcium ikasowa pamenepo, kapena dothi likauma pa nthawi imene njere zikupangika, makoko amatuluka opanda kanthu. Laimu wothiridwa msanga amathandiza, koma ngati mwachedwa, gypsum (ufa wa mwala wina wokhala ndi calcium) wowazidwa pamizere mtedza ukayamba maluwa amapereka calcium mwachangu popanda kusintha pH. Chaka chino yesani pa mizere yochepa chabe, ina ya laimu, ina ya gypsum, ina yosathira kanthu, ndipo pokolola muyeze mtedza wosenda, osati wa makoko.