Ufa wa mapuloteni kwa wopangidwa opaleshoni ya chifu, thandizani msanga

Mayi a Tadala: Abale thandizani. Mng'ono wanga anamupanga opaleshoni yochepetsa chifu, ija ya sleeve, ino ndi sabata yachiwiri. Akangomwa ufa wa mapuloteni umene tinagula, pasanathe theka la ola thukuta kamukamu, mtima ukuthamanga, kenako kutsekula m'mimba. Pachigubu analemba mass gainer. Tigule uti? Ndiweruka 8 koloko, ndikufuna ndidzere kusitolo.

Ankolo a ku Luton: Anapangira kuti kaye? Ngati ndi ku Turkey dziwani kuti kuno ku UK sakamulandiranso kuchipatala. Aliyense akudziwa zimenezo.

Sista Mphatso: Ankolo, chonde. Ku A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala, sabweza wodwala chifukwa cha kumene anapangira opaleshoni. Mayi a Tadala, chigubu chimenecho chisiyeni lero lomwe. Mass gainer ndi ya anyamata a ku jimu ofuna kunenepa, mwadzaza shuga ndi maltodextrin, ufa umene umasanduka shuga msanga m'thupi. Zotsekemera zikathamangira m'matumbo zimakoka madzi, ndiye thukuta ndi kutsekulako. Amati dumping. Imavuta kwambiri a bypass, opaleshoni ina yolambalalitsa chakudya mbali yaikulu ya chifu, koma a sleeve imawagwiranso. Gulani whey isolate, mapuloteni osefedwa kuchokera mumkaka. Tembenuzani chigubu muwerenge kumbuyo: pa sikupu imodzi mapuloteni akhale magalamu 20 mpaka 30, shuga asapose magalamu 5.

Adha Chimzy: Ndalama zonsezo kuti munthu aonde? Akanangobwera kuno ku weyahausi, mashifiti a usiku mwezi umodzi basi 😂

Anti Nabanda: Kwathu munthu akanenepa timati zikuyenda. Kuno mpaka kudula chifu. Dziko latha.

Gift wa ku Leeds: Whey ndi whey basi, musawawonongetse ndalama. Concentrate ndi yotchipa ndipo imagwira chimodzimodzi.

Sista Mphatso: Kwa inu a jimu, eya. Concentrate imakhala ndi mapuloteni 70 mpaka 80 pa 100 alionse, chotsalacho ndi mafuta ndi lactose, shuga wa mumkaka uja. Isolate amaisefanso mpaka ifike pafupifupi 90, lactose amatsala wochepa kwambiri. Ambiri a ife mkaka umatiwiritsa m'mimba ndi kale, ndipo opaleshoni ikachitika vutoli limatha kukula. Chinanso, sleeve amachotsa chifu pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Malo otsalawo ndi ochepa, chilichonse cholowamo chizikhala cha phindu.

Gift wa ku Leeds: Si kuti kukhala nesi ndiye kudziwa zonse.

Bambo Admin: A Gift, ulemu.

Mai Phiri Nottingham: Njira yotchipa imene ma dietitian a kuno amalemba papepala lija: painti imodzi ya mkaka wa semi-skimmed, mamililita 568, ili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 20. Thiranimo masupuni akuluakulu 4 odzaza a mkaka waufa wopanda mafuta, ngati Marvel. Yambani mwasungunula ufawo ndi timkaka pang'ono kuti usachite mibulu, kenako muthire wotsalawo, muike mufiriji. Afika magalamu oposa 30, azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Koma ngati mkaka ukumutsekula, njira iyi ayi, chifukwa mkaka waufa ndiye uli ndi lactose wambiri. Zikatero gulani wa lactose-free kapena wa soya wopanda shuga. Wa almond ndi wa oat musadzivute, mapuloteni mulibe kwenikweni.

Watsopano 07: Moni nonse. Cremora sangagwire? Komanso ndikufunsa za COS, chikalata cha kampani chopezera viza ya ntchito, pali kampani ikulemba anthu?

Bambo Admin: Mwalowa dzulo, werengani malamulo apamwambapo. Za ntchito ndi Lachisanu.

Mai Phiri Nottingham: Cremora si mkaka mwanawe, ndi mafuta ndi shuga zoyeretsera tiyi. Nido ndi mkaka weniweni koma wamafuta onse. Zonse ziwiri ayi.

Anti Nabanda: Mukuvutikiranji? Phala la Likuni lothira nsinjiro, ana onyentchera amadzuka nalo. Koma abale phala la mgaiwa la nsinjiro m'mawa kukuzizira mwezi wa June... ndasowa kwathu ine.

Sista Mphatso: Anti, amadzuka nalo chifukwa limanenepetsa. Likuni chochuluka ndi chimanga, nsinjiro pafupifupi theka lake ndi mafuta. Kuti apeze magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni amene amafunika patsiku, phalalo angadye mbale zingati ndi kachifu kameneko? Ndiponso pano akadali pa zamadzimadzi. Zipatala zambiri kuno zimati masabata awiri zakumwa zokhazokha, awiri otsatira zopera zosalala, kenako zofewa. Atsate pepala la amene anamupanga opaleshoni chifukwa masiku amasiyanako.

Ankolo a ku Luton: Ufa umenewu umaphetsa impso. Kuli mnyamata wina ku Joni ali pa dialysis chifukwa cha zomwezi, anandiuza mlamu wanga.

Mai Phiri Nottingham: Magalamu 60 mpaka 80 savulaza impso zabwinobwino, ankolo. Amene ali kale ndi matenda a impso ndiye afunse dokotala asanagule. Choopsa chenicheni sabata zino ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Azikwanitsa lita imodzi ndi theka patsiku, kakamwa kamodzikamodzi, osagugudiza. Mkodzo ukada, madzi achepa.

Esnart Carer: Collagen ija ya pa TikTok bwanji? Akuti tsitsi silithothoka.

Sista Mphatso: Collagen alibe tryptophan, chimodzi mwa tizigawo ta puloteni tofunika m'thupi, choncho si puloteni yokwanira, musaiwerengere pa 60 paja. Samalani ndi timabotolo tolembedwa protein water, tina ndi collagen yekhayekha. Onani mndandanda wa zosakaniza, choyamba chikhale whey protein isolate, kapena soya isolate kwa amene whey yawakana. Tsitsi limathothoka ndithu pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi chifukwa cha kuonda mofulumira, kenako limameranso. Mukaona zotsekemeretsa za sorbitol kapena maltitol palebo, bwezani pashelefu, nazonso zimatsekula.

Adha Chimzy: Tsitsi likatha mawigi alipo kwa Anti Nabanda, mtengo wachibale.

Gift wa ku Leeds: Chimodzi chokha chimene anesi sakudziwa: musathire whey m'madzi owira kapena mu supu yotentha, imaundana ngati chambiko. Sungunulani ndi madzi ozizira kaye, supuyo ipoleko mpaka yofunda, ndiye musakanize. Mukakhutchumula mu shaker dikirani thovu litsike, mpweya umamupweteka. Ndipo musagule chigubu cha makilo awiri. Opaleshoni ikachitika mkamwa mumasintha, chokoleti imene ankaikonda ikhoza kumuchititsa nseru. Gulani timapaketi ta sampulo, kapena yopanda fungo yoti muzithira mu supu yosefa. Palinso clear whey, imakhala ngati juwisi.

Sista Mphatso: Apa mwanena zoona a Gift. Ndionjezere: ufawu sulowa m'malo mwa mavitamini. Multivitamin tsiku lililonse, calcium ndi vitamin D, ayironi ngati anamulembera, jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse kwa GP, dokotala wa m'dera lake. Koma mvetsetsani ichi Mayi a Tadala. Akayamba kutentha thupi, mtima kuthamanga osaleka ngakhale sanamwe kanthu, kupweteka kwambiri m'mimba kapena paphewa lakumanzere, mwina kusanza chilichonse mpaka madzi, musalembe pagulu pano. Pitani ku A&E kapena imbani 999. Pamene anasoka pakhoza kudontha, ndipo kusanza kwa masiku angapo kumathetsa vitamin B1 m'thupi.

Anti Nabanda: Nanga thobwa adzamwanso liti mwanayu? Usipa?

Mai Phiri Nottingham: Usipa ndi matemba akadzafika pa zakudya zolimba, ophikidwa mpaka afewe, atafune bwinobwino. Ayambe ndiwo, nsima pambuyo ngati malo atsala, ndipo asamwe kanthu kwa mphindi 30 akamaliza kudya. Thobwa lothira shuga ndi Fanta aiwale kaye.

Watsopano 07: Ndiye za COS zija palibe amene akudziwa?

Ankolo a ku Luton: Alipo akupita ku Lilongwe mwezi uno? Ndili ndi kakatundu kochepa, makilo atatu okha.