Agogo nzeru zikabwerera kwa kamphindi, mu fayilo timalembamo chiyani?

Namwino wa palliative (wosamalira odwala matenda osachizika), Tsangano
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi agogo aakazi a dementia, matenda oiwalaiwala aja, chaka chachitatu tsopano, salankhula, mwana wawo amene amawasambitsa samuzindikira. Loweruka m'mawa akuti anadzuka n'kumuitana dzina lake lapaubwana, n'kufunsa ngati kachewere wa kudimba anakumba kale, anapempha phala, n'kuimba nyimbo ya Mvano mpaka kumapeto. Mphindi ngati 20, kenako zii. Ine ndafika lero ndi MMSE yanga, mafunso oyezera nzeru aja, apeza 2 pa 30 ngati mwezi watha. Ndilembe kuti palibe chasintha? Mwanayo akulira, akuti amayi akuchira, tiwonjezere mankhwala. Fomu yathu ilibe pomwe polemba zimenezi.

CO (clinical officer), Lizulu
Asisi, malungo mwayeza? Shuga? Mkodzo? Imeneyo ndi delirium, kusokonezeka mutu kwadzidzidzi chifukwa cha vuto lina m'thupi.

Namwino wa palliative, Tsangano
mRDT ya malungo ndi negative achimwene, thupi silikutentha. Ndipo delirium imamuipitsa munthu, awa anakhala bwino.

CO, Lizulu
Ilipo ija yachetechete, munthu amangogona osadya, inu n'kumati ndi dementia yakula. Ikamasula pang'ono mumaona ngati chozizwitsa. Pangani 4AT yoyezera delirium, muone ngati akumwa madzi, ngati akuchita chimbudzi, komanso ngati wina sakuwapatsa diazepam kapena amitriptyline usiku kuti agone.

Namwino wa zamisala, Ntcheu Boma
A CO sakunama, koma si nthawi zonse. Zoti nzeru zibwerere kwa kamphindi zilipo ndithu, amazitcha paradoxical lucidity, ndipo zikachitika imfa itayandikira amati terminal lucidity, dzina limene Michael Nahm analiyambitsa mu 2009. Ku America a National Institute on Aging anachita kuitanitsa msonkhano mu 2018 pa nkhani yomweyi, chifukwa vuto lanulo nawonso ali nalo: woyeza akamafika zimakhala zitatha. MMSE ija ndi ya 1975, sanaipangire zinthu zobwera n'kupita ngati izi. Komanso agogo amene sanapite kusukulu mukawafunsa funso la mu MMSE la 100 kuchotsa 7 mukuyeza chiyani? Bola IDEA, fomu ina yoyezera nzeru ya ku Hai, Tanzania, imafunsa dzina la mfumu ya m'mudzi, kutchula nyama, kuyala timitengo ta machesi. Koma nayonso siingagwire za Loweruka. Ine ndimampatsa gadiyani kope: tsiku, nthawi, zinatenga nthawi yaitali bwanji, mawu enieni amene ananena, analipo ndani, chinachitika n'chiyani zisanayambe. Mawu enieniwo, osati "anali bwinobwino". Kuimba nyimbo yakale ndi kwina, anthu ambiri a dementia amatha. Koma kufunsa za dimba nyengo yake yomwe, pamenepo ndiye pondichititsa chidwi.

HSA, Kasinje
Madam, makope amenewo kuno amathera kuyatsira moto. Agadiyani ambiri alibe wotchi. Ine ndimawafunsa kuti, madzi a nsima anali atawira? Ana anali ataweruka? Mumapeza nthawi yake pamenepo.
Koma chenjerani ndi mmene mukufunsira pagulu. Kwathu kuno kunali agogo aamuna ankangoyenda usiku osavala. Tsiku lina pamaliro anazindikira aliyense, mpaka kukonza anthu pa mzere wa makolo. Madzulo ake mudzi wonse unali utagamula kuti amachita dala, masana amadzipusitsa, usiku amatamba. Tinachita kukagwada kwa amfumu kuti asawagwetsere nyumba. Mukamafunsa zambiri anthu ali pakhonde, mawa muzimva kuti ngakhale achipatala akukayikira.

CO, Lizulu
Agogo amenewonso akanayezedwa shuga.

Sister wopuma, Dedza
Ana anga, ndagwira wodi zaka zambiri. Ndikukumbukira bambo wina amene anakhala miyezi osatchula ngakhale dzina la mkazi wake. Usiku wina anandiitana, "Anamwino, ndiitanireni ana." Anadya nsima ndi nyemba mbale yonse, n'kuuza wamkulu kuti ng'ombe zisagulitsidwe. Ine ndi chimwemwe ndinawauza abale kuti mawa mwina titulutsa. Patatha masiku awiri tinali kutsuka thupi. Mayi aja anandiyang'ana osanena kanthu, mpaka lero ndimawaona. Ndiye mwana wanga, usamuuze kuti akuchira, usamuuzenso kuti akutsanzika. Ungomuuza kuti zikachitikanso akhale nawo pafupi, aitane abale, asathamangire foni.

HSA, Kasinje
Foniyo ndiye ayi. Akajambula vidiyo mawa ili pa WhatsApp ya mpingo. Ndipo wina adzabwera ndi pepala la munda kuti adinde chala nzeru zilipo.

Namwino wa zamisala, Ntcheu Boma
Zimenezo ndinazionapo, n'kubwera kudzafuna kalata yoti tsiku limenelo anali bwino. Osalemba. Simunalipo. Mu fayilo lembani kuti "malinga ndi gadiyani". China, afunseni ngati agogowo amaona anthu kapena tinyama tomwe palibe, ngati thupi limauma poyenda. Dementia ya mtundu wa Lewy body imasinthasintha chonchi tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a haloperidol amawapweteka kwambiri. Wina asawapatse.

CO, Lizulu
Zonsezo ndamva. Koma kope lisanayambe, 4AT ndi mkodzo. Mukalemba mbiri yokoma munthu ali ndi UTI, matenda a m'njira ya mkodzo, mwamuthandiza chiyani?

Namwino wa palliative, Tsangano
Ma dipstick oyezera mkodzo anatha achimwene, ndikanayeza kale. Ndipitanso Lachinayi mafuta a njinga akapezeka. Madam, IDEA ija muli nayo ya Chichewa?

HSA, Kasinje
Mafuta inu mukulandirabe? Ife mwezi uno tikupalasa.