Ndithandizeni: mawu amene Mateyu akuti ndi a mneneri sindikuwapeza

Wofunsa (dzina labisidwa): Abale anga, mutu wanga waima. Lachinayi lino ndine wogawa mawu ku chigwirizano cha amayi. Amayi wapampando andiuza dzulo lomweli pa WhatsApp, pomwe anzanga amauzidwa kukadali sabata ziwiri. Mwana wanga wamng'ono akutsokomola, Baibulo langa linanyowa ndi denga lodontha, masamba ena anamatana. Ndiye ndikuwerenga Mateyu, alamu anga, amene anabwera kudzakhala sabata imodzi koma uno ndi mwezi wachitatu, anandiuza kuti Mateyu anangopeka, mawu amene akuti ananena mneneri mulibe m'Chipangano Chakale. Ndafufuza usiku wonse, sindinawapeze. Bambo a kunyumba angokhala chete. Ndikawauza chiyani amayi anzanga? Chikhulupiriro changa chagwedezeka.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, khazikani mtima pansi. Ndikudziwa kuti mukunena Mateyu 2:23, pamene akuti Yesu adzatchedwa Mnazarayo. N'zoona, vesi lotero mulibe. Koma onani bwino, Mateyu akuti "aneneri", ambiri, osati mmodzi. Akatswiri ambiri amaloza Yesaya 11:1, pomwe mphukira ya pa tsinde la Jese pa Chihebri ndi netser, mawu omveka ngati Nazarete. Alembi achiyuda ankawerenga malemba motero, kumva mawu ena mkati mwa ena.

Mnyamata wa Kwaya: Vuto si Mateyu apa, vuto ndi alamuwo. Miyezi itatu? Apatseni ya basi.

Mayi wa ku Kasungu: Ine zinandionekerapo. Ndinawerenga mayina a pa Mateyu 1 pamaso pa mpingo, lilime linakana pa Zerubabele, achinyamata anaseka mpaka lero amanditchula dzina lomwelo. Chichokereni tsiku limenelo sindiimanso kutsogolo.

Mphunzitsi Wopuma: Mndandanda umenewo ndiye umboni wanga! Mateyu anaugawa patatu, mibadwo 14 chigawo chilichonse. Kuti zitheke anadumpha mafumu atatu pakati pa Yoramu ndi Uziya: Ahaziya, Yoasi ndi Amaziya. Tsegulani 1 Mbiri 3 muone nokha. Zilembo za dzina la Davide pa Chihebri zikawerengedwa ngati manambala ndi 4, 6, 4, pamodzi 14. Munthuyu sankalemba kaundula wa kwa mfumu ayi, ankalalikira kuti Yesu ndi mwana wa Davide. Uthenga Wabwino ndi mbiri ya moyo wa Yesu, inde, koma yolembedwa ndi anthu okhuta Mose ndi aneneri.

Mkulu wa Mpingo: Aphunzitsi, samalani pakamwa. Mukati "anadumpha" mukufooketsa ofooka. Mawu a Mulungu sasowa Chihebri chanucho. Ndipo inu mayi, bwanji osapita kwa abusa anu m'malo mobweretsa za m'nyumba pa Facebook?

Mphunzitsi Wopuma: Akulu, kubisira anthu ndiye kumene kumawafooketsa, chifukwa tsiku lina mlamu amadzawaululira. Marko 1:2 akutchula Yesaya koma chiyambi cha mawuwo chili pa Malaki 3:1. Mateyu 2:15 akutenga Hoseya 11:1, pomwe mwana woitanidwa kuchoka ku Igupto ndi mtundu wa Israele. Mateyu ankadziwa zimenezo. Akutionetsa Yesu akuyenda njira ya Israele: Igupto, madzi, chipululu masiku 40, kenako phiri.

Namwino wa Usiku: Mwina akunena Mateyu 27:9, ndalama 30 zasiliva zija. Pamenepo palembedwa Yeremiya koma mawuwo akufanana ndi Zekariya 11:12-13. Mayi, bwerekani Buku Loyera kwa mnzanu, muyerekeze ndi Buku Lopatulika lanulo, muonenso timawu ta m'munsi mwa tsamba. Ndipo mwana akapitirira kutsokomola, thamangirani naye kuchipatala.

Mkulu wa Mpingo: Buku Lopatulika lakhala nafe kuyambira 1922, makolo athu anapulumuka nalo lomwelo. Za mabaibulo atsopanozi ine ayi.

Mnyamata wa Kwaya: Koma anthuni, mayiwa sanatiuze n'komwe chaputala chake. Tonse tikungoombeza.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndalemba mavesi onsewa m'kope. Mwana wagona bwino lero. Koma palibe mwa amenewa lomwe alamu ankanena, ndipo apita kumsika ndi Baibulo langa.

Namwino wa Usiku: Akabwera afunseni chaputala ndi vesi, mutilembere pano lisanafike Lachitatu.