Puloteni yakana kutuluka pa Ni-NTA, ndithandizeni

Wofunsa, Nkhotakota: Anzanga ndatopa nazo. Kachitatu tsopano ndikuyesa kuyeretsa puloteni pa Ni-NTA, resin ya nickel yogwira mapuloteni okhala ndi His-tag (kamchira ka ma histidine). Mabakiteriya a E. coli BL21(DE3), IPTG (yoyambitsa kupanga puloteni) 1 mM pa OD 0.6 (muyeso wa kuchuluka kwa mabakiteriya), maola 4 pa madigiri 37. Pa gel yoonera mapuloteni band yake ndi yonenepa bwinobwino mu lysate (mabakiteriya ophwanyidwa), koma pa elution (poichotsa pa resin) mbee, ngakhale ndithire imidazole 250 mM. Ndi antigen (puloteni yomwe ma antibody amagwira) ya ELISA yoyezera kaodzera, His-tag ilipo. Resin yatsala pang'ono ndipo kuitanitsa ina mukudziwa nokha.

Madala a ku Salima: Pellet, zokhala pansi mukazungulitsa lysate pa centrifuge, mwaiyang'ana? Ili mu inclusion bodies puloteni imeneyo, zibuluma zosasungunuka. Tsitsani pa madigiri 18 usiku wonse, IPTG 0.1 mM basi.

Wofunsa: 18 kunyanja kuno mwezi wa Okutobala, madala? Shaker yathu siziziritsa, m'chipindamo timadalira fani.

Achemwali a ELISA: Achimwene, resin ikadali yabuluu? Ine ndinataya masabata awiri chifukwa mapiritsi a protease inhibitor (oteteza puloteni kuti isadulidwe) anali ndi EDTA, mankhwala okoka nickel, sindinawerenge pabotolo. Nickel yense anakokoloka, column n'kuyera ngati ufa woyera, ine ndili busy kudzudzula mabakiteriya. Mankhwala a DTT akachulukanso amadetsa resin, imasanduka bulauni. Onaninso pH, ikhale 8, ikatsikira cha ku 6 histidine sagwira.

Madala: Zonsezo n'zoona koma puloteni siikufika n'komwe pa column. Yendetsani pellet ndi supernatant (madzi a pamwamba) pa gel imodzi.

Wa ku Dwangwa: Mwandikumbutsa chaka china magetsi atazima masiku awiri, jenereta ilibe dizilo. Ma glycerol stock onse (mabakiteriya osungidwa mu firiji) anasungunuka. Ayisi wa sonication (kuphwanya mabakiteriya ndi mafunde a phokoso) tinkagula kwa ogulitsa nsomba, labu yonse fungo la chambo. Komatu osachita sonication popanda ayisi, muphika puloteni.

Achemwali: Mukapita njira ya urea 8 M yosungunulira inclusion bodies, sungunulani yatsopano ndipo musaitenthetse, imawononga ma lysine a puloteni. Guanidine, nayenso wosungunulira, ndiye musayerekeze kuika pa gel mwachindunji, amaundana ndi SDS ya pa gel. Komanso mukaona band cha pa 25 kDa musafulumire kuvina, mwina ndi SlyD, puloteni ya E. coli yomwe, imakonda nickel.

Madala: Ndanena kale, pellet. Kwa ELISA mwina refolding (kubwezera puloteni maonekedwe ake) simufunika n'komwe, zitengera ma antibody anuwo akufuna chiyani. Koma yambani mwaona pellet.

Wa ku Dwangwa: Pepani kupatuka, alipo ali ndi ladder yoyezera kukula kwa ma band pa gel yotsala? Yathu inatha Lachiwiri. Minibasi ya mawa m'mawa ikhoza kunyamula.