Gulu la Amalawi ku Midwest: mwana wa NaPhiri ndi mpira wa zisoti

NaPhiri, South Bend: Mwaswera bwanji abale. Ndigawireni nzeru. Chisomo wanga uja ali Grade 11, zaka 16, akusewera mpira wakunowu wovala zisoti, akuti ndi left tackle. Kutalika mafiti 6 ndi mainchesi 4, kulemera mapaundi 285. Lachisanu masewera atatha bambo wina anandikokera pambali, akuti mwanayu ndi wa NFL (ligi yaikulu ya mpirawu kuno ku America), ndingopereka madola 1,500 amutsatse ku makoleji. Ine ndi wa night shift ku nursing home, ndalama imeneyo ndi mausiku angati? Ndipereke?

Gondwe, Indianapolis: Achemwali, musapereke ngakhale khobiri. Zimene akufuna kugulitsazo mwana angachite yekha pa foni. Kanema wa masewera masukulu ambiri amaika pa webusaiti ya Hudl, ndipo ma email a makochi ali pa webusaiti ya koleji iliyonse.

Agogo Mbewe, Elkhart: Mapaundi 285? Ndi nsima ya NaPhiri imeneyo. Ufa wonse umene timaitanitsa uja ukuthera m'nyumba imodzi.

NaPhiri: Agogo musandiseke, mitanda isanu saikhuta.

Bambo a Tadala, Dallas: Ndangoweruka kumene, ndilole ndilankhule motalikirapo poti njirayi ndinaidutsa ndi mwana wanga. Anasewera guard, malo oyandikana ndi tackle chamkati, ku Division II, gawo lachiwiri la masewera a makoleji. Choyamba mayi, thupi lalikulu limangochititsa kuti kochi acheuke. Ana a msinkhu umenewo kuno ku Texas ali mbwee. Akacheuka amayang'ana mapazi. Ntchito ya tackle ndi kubwerera chammbuyo akutchinga munthu wothamanga kuposa iyeyo, kuti asafike pa quarterback, woponya mpira uja. Mapazi akakhala olemera, basi, amuzungulira ngati chulu. Kenako amaona ngati amapinda mawondo kapena amangowerama m'chiuno. Wowerama m'chiuno mutu umatsogola, akangomukoka pang'ono wagwa chafufumimba. Muuzeni anjute pansi zidendene zisanyamuke, msana uli chilili. Akatha zimenezo popanda kugwira mpando, muli ndi poyambira.

Bambo a Tadala: China chimene ine sindinkachidziwa ndi mikono. Ku NFL tackle amafuna wa mikono ya mainchesi 33 kapena 34. Peter Skoronski anali tackle wodziwika ku koleji ya Northwestern, timu ya Tennessee Titans inamutenga pa nambala 11 posankha osewera atsopano (NFL Draft) mu 2023, koma mikono yake inangopitirira pang'ono 32, ndiye anamusunthira pa guard. Tengani tepi ya telala mumuyeze kuchokera paphewa mpaka kunsonga ya chala chapakati. Ikapezeka yaifupi si maliro, guard ndi center (wapakati pa mzere) nawonso amalandira scholarship.

Gondwe: Ndipo asamunenepetse dala. Joe Alt wa Notre Dame, pakhomo panu pomwepo achemwali, ku high school ankasewera tight end, malo a wotchinga amene amawakhanso mpira. Thupi anakaonjezera ku koleji, Chargers nkumutenga pa nambala 5 mu 2024. Makochi amati kulemera tiika tokha, mapazi sitingaike. Nyengo yozizira ino alowe wrestling. Tristan Wirfs anali katswiri wa wrestling ku Iowa asanatchuke pa mpira.

Mayi Chirwa, Grand Rapids: Pepani ndidule. Amene akupita ku Chicago sabatayi andigulireko usipa kapena kapenta, ndibweza pa Zelle.

Agogo Mbewe: Ndikupita Loweruka, mundikumbutse.

NaBanda, Columbus: NaPhiri mnzanga, amunawa akukamba za mikono, ine ndikufunse za sukulu. Chisomo anabwera kuno ali kalasi yanji?

NaPhiri: Anachita Fomu 1 ku Lilongwe, kuno anayambira Grade 10.

NaBanda: Ndiye pali ntchito. NCAA Eligibility Center, ofesi yoona ngati mwana akuyenera kusewera ku koleji, imawerengera maphunziro kuyambira Grade 9. Pa Division I amafuna ma core course (maphunziro ofunikira) 16 ndi GPA (avereji ya magiredi) ya 2.3 pa maphunziro amenewo, Division II ndi 2.2. Komanso pa Division I, 10 mwa 16 aja akhale atatha asanayambe Grade 12. Chaka chimene anaphunzira kumudzicho chimafunika ma report a sukulu yakeyo, osindikizidwa chidindo. Ine a mwana wa mchemwali wanga tinawasaka miyezi inayi, aphunzitsi amene ankasunga mafailo anali atasamutsidwa. Tuma munthu mawa lomwe. Ndipo upite wekha kwa counselor ukafunse kuti makalasi amene akuphunzira ali pa mndandanda wa NCAA, poti si onse amawerengedwa.

NaPhiri: Mayo ine, zimenezi palibe anandiuzapo. Wakutsina khutu ndi mnansi ndithu. Nanga za NFL zija?

Bambo a Tadala: Mayi, ana osewera mpirawu ku high school ndi pafupifupi 1 miliyoni. NFL Draft ili ndi ma round 7, imatenga anthu 250 ndi owerengeka pamwamba pa chaka, ndipo munthu amayenera kudikira zaka zitatu chimalizire high school. Munthu woona mwana wa zaka 16 Lachisanu limodzi nkunena kuti wa NFL, akuona chikwama chanu. Ngakhale a 247Sports ndi Rivals amene amapereka nyenyezi poyeza luso la ana aja amaphonya kwambiri pa ma lineman, otchinga ngati Chisomo, chifukwa matupi awo amakhwima mochedwa. Eric Fisher makoleji akuluakulu sanamulabadire, anapita ku Central Michigan, nkudzakhala nambala 1 mu 2013. Quinn Meinerz anachokera ku Wisconsin-Whitewater, Division III, Broncos inamutenga mu 2021. Wanga sanafike kumeneko, bondo linavuta chaka chachitatu. Koma digiri ali nayo, ngongole yochepa.

Gondwe: Dziwaninso kuti Division III kulibe scholarship ya masewera, Division II nthawi zambiri amagawa zidutswa. Ndipo "offer" ya pakamwa si kanthu mpaka pepala litasainidwa.

NaBanda: Za mapepala ake okhalira kuno usayankhe pagulu pano. Ungodziwa kuti FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la fizi ya ku koleji, imafuna nzika kapena wa green card ndi ena ochepa, ndipo wa visa ya ophunzira ya F-1 ndalama za NIL, zolipidwa chifukwa cha dzina ndi chithunzi chake, zimamuvuta kulandira.

NaPhiri: Ndamva, ndikuimbira. Kanemayo tipange bwanji?

Bambo a Tadala: Mphindi zitatu kapena zinayi, nyimbo ayi. Aike chizindikiro pa iyeyo mpira usanayambe, poti lineman amasowa m'chigulu. Poyambirira aike pamene akulimbana ndi ana amphamvu, osati pamene akugwetsa kamwana ka mapaundi 180. Makochi amafuna aone kuti amakankha mpaka wezulo italira. June akapite ku ma camp a tsiku limodzi a makoleji enieniwo, kumene amamuyeza okha. Western Michigan ku Kalamazoo ndi Ball State ku Muncie muyambire kumeneko.

Gondwe: Kalamazoo kuchokera kwanu ndi ola limodzi ndi theka. Ndidzamutenga ine ngati muli pa shift, mafuta tidzagawana.

Agogo Mbewe: Mu Corolla yakoyo akwana? Bwereka van yanga, koma tayala lakumbuyo likufunika mpweya.

NaPhiri: Zikomo abale. Tepi ndaipeza, ndikudikira adzuke.